Asilikali achilendo m'nkhondo yapachiweniweni ya ku Russia ankafunako chiyani?

Funso: "Tatsutsana ndi mnzanga kuntchito. Ine ndikuti America ndi Russia sanaomberanepo maso ndi maso, amangoopsezana ndi mabomba. Iye akuti asilikali a America analowa m'dziko la Russia nthawi ya Lenin, ndipo anamenyana ndi achikomyunizimu. Kusukulu sitinamvepo zimenezi. Zoona ndi ziti?" Wafunsa ndi wowerenga wa ku Zomba.

Mnzanuyo wakugonjetsani, bambo, koma musagwe nazo ulesi chifukwa ngakhale akuluakulu anaphonyapo pamenepa. Mu Januwale 1984 Pulezidenti Ronald Reagan, polankhula m'nyumba ya malamulo ya dziko lake, anauza anthu a ku Soviet Union kuti ana a mayiko awiriwa sanamenyanepo pankhondo. Ku Moscow mwana wasukulu akanamutsutsa. Nikita Khrushchev, mtsogoleri wa Soviet Union, atapita ku America mu 1959 anali atawakumbutsa kale eni dzikowo kuti msilikali wa Soviet sanapondepo dothi la America, pamene a America anaponda la Russia mfuti zili m'manja. Mu 1918 America inatumiza asilikali pafupifupi 13,000: okwana 5,000 kumpoto, ku doko la Arkhangelsk, ndi 8,000 kum'mawa, ku Siberia. Oposa 400 anafera komweko, ena ndi zipolopolo, ena ndi matenda.

Ndipo sanali okha. Kunali a Britain, France, Japan, Canada, Italy, Greece, Serbia, Poland, China ndi ena, mayiko oposa khumi. Koma mukabwerera kuntchito musalole mnzanuyo kuti apitirire malire n'kumati mayiko onsewa anapangana kukapha chikomyunizimu chikadali khanda. Mabuku a ku Soviet Union ankaphunzitsa choncho. Zomwe zinachitika n'zosokonekera kwambiri, chifukwa aliyense anapitako ndi zake mumtima, ndipo gulu lomwe linasintha nkhondoyi koposa onse linali la anthu ongofuna kubwerera kwawo.

Chiyambi chake ndi Germany. Gulu la Lenin, a Bolshevik, linalanda boma pa 7 Novembala 1917, Nkhondo Yoyamba Yapadziko Lonse ili mkati. Russia inali mbali imodzi ndi Britain ndi France. Pa 3 Malichi 1918 Lenin anasainirana pangano ndi Germany ku Brest-Litovsk n'kutuluka m'nkhondomo. Kwa Britain ndi France uku kunali kuthawidwa pakati pa mtsinje: Germany inapeza mpata wosamutsira magulu ake ankhondo kumadzulo, ndipo pa 21 Malichi inayambadi chiwembu chachikulu ku France. Kuwonjezera apo, m'madoko a Murmansk, Arkhangelsk ndi Vladivostok munali mulu wa zida, malasha, zitsulo ndi katundu wina amene anatumizidwa kuti athandize Russia pankhondo. Ankaopa kuti zonsezi zigwera m'manja mwa Germany. Chodabwitsa n'chakuti asilikali oyamba a Britain otsika ku Murmansk, mu Malichi 1918, anabwera movomerezedwa ndi khonsolo ya mzindawo, Leon Trotsky, mmodzi wa atsogoleri akuluakulu a Bolshevik, atatumiza uthenga wakuti alandire thandizo lililonse. Tisaiwalenso kuti chaka chimenecho gulu lalikulu kwambiri lachilendo m'dera la ufumu wakale wa Russia linali la Germany ndi Austria, lomwe linadzaza Ukraine ndi asilikali mazana a masauzande n'kuikako wolamulira wawo, Pavlo Skoropadsky.

Tsono anthu ofuna kwawo aja. Anali a Czech ndi a Slovak, pakati pa 40,000 ndi 50,000, ambiri mwa iwo akaidi a nkhondo omwe anagwidwa akumenyera ufumu wa Austria-Hungary. Ufumuwo sankaukonda. Mtsogoleri wawo Tomáš Masaryk ankafuna dziko lawolawo, ndipo anaona kuti njira yake n'kumenya nkhondo kumbali ya France. Russia itatuluka m'nkhondo, anapangana ndi a Bolshevik kuti akwere sitima kudutsa Siberia yense mpaka ku Vladivostok, kenaka azungulire panyanja kukafika ku France. Njanji imeneyo kuchokera ku Moscow ndi yotalika makilomita oposa 9,000, ndipo sitima zawo zinamwazikana m'njira monsemo.

Pa 14 Meyi 1918, pa siteshoni ya Chelyabinsk, sitima ya a Czech yopita kum'mawa inaima moyandikana ndi ina yopita kumadzulo, yodzaza ndi akaidi a nkhondo a ku Hungary ndi Austria obwerera kwawo. Chidani cha mitundu iwiriyi chinali chakalekale. Sitima ya akaidiwo ikunyamuka, munthu wina wa ku Hungary anaponya chitsulo chomwe chinagunda msilikali wa Czech n'kumugwetsa. Anzake anaimitsa sitimayo, n'kumutsitsa woponyayo, n'kumupha pomwepo. Khonsolo ya mzindawo inamanga a Czech angapo. Patapita masiku ochepa anzawo analowa m'tauni ndi mfuti, anamasula omangidwawo n'kulanda nkhokwe ya zida. Trotsky anapsa mtima, ndipo pa 25 Meyi analamula kuti wa Czech aliyense wopezeka ndi mfuti panjanji aomberedwe pomwepo.

Lamulo limenelo linali lolakwika kwambiri pa zonse zomwe Trotsky analamula chaka chimenecho. Red Army, gulu lankhondo la a Bolshevik, inali isanakhwime, pamene a Czech anali asilikali ozolowera nkhondo, omvera akuluakulu awo. Anaganiza zodzitsegulira okha njira. Pofika kumapeto kwa Juni anali atalanda Vladivostok, ndipo m'miyezi itatu njanji yonse kuchokera ku mtsinje wa Volga mpaka kunyanja ya Pacific inali yawo. Paliponse pomwe ankachotsa a Bolshevik, adani a Lenin ankadzuka n'kukhazikitsa maboma awo. Nkhondo yomwe inali ikufuka utsi m'madera ochepa inayaka ponseponse. Banja la mfumu yakale ya Russia, Nicholas II, linaphedwa ku Yekaterinburg usiku wa pa 16 Julayi kucha pa 17, a Czech akuyandikira mzindawo, ndipo anaulowa pa 25 Julayi. Mu Ogasiti iwo ndi anzawo a ku Russia analanda Kazan n'kupezamo gawo lalikulu la golide wa boma. Ankakhala m'mabogi a sitima momwemo, muli mophikira buledi, mosokera zovala, mosindikizira nyuzipepala yawo. Pa nyanja ya Baikal anafika pokweza mizinga pa sitima zapamadzi zomwe analanda n'kupambana nkhondo ya pamadzi, anthu ochokera kudziko lopanda nyanja yamchere.

A Czech amenewa ndi omwe anakokera America m'nkhaniyi. Pulezidenti Woodrow Wilson anali akukana kwa miyezi ingapo, koma mu Julayi 1918 analemba chikalata chovomereza kutumiza asilikali ochepa kuti akathandize a Czech, akalondere katundu, koma asakalowerere ndale za Russia. Mmene munthu angalondere njanji m'dziko lomwe lili pankhondo popanda kukondera mbali, chikalatacho sichinanene. Nduna yoona za nkhondo, Newton Baker, anakumana ndi Jenerali William Graves pa siteshoni ya sitima ku Kansas City, anamupatsa chikalatacho mu envulopu, n'kumuchenjeza kuti asamale mapazi chifukwa akukayenda pa mazira odzaza ndi zophulika. Graves anagwira mawu amenewo ndi manja awiri. Ku Siberia anakana kutumiza anyamata ake kukasaka a Bolshevik, mpaka a Britain ndi adani a Lenin anayamba kumunena kuti nayenso ndi wachikomyunizimu. Komabe njanji yomwe ankalonderayo ndi imene inkanyamula zida za adani a Lenin, choncho zigawenga za mbali ya Ofiira, ndiye kuti a Bolshevik, zinkawaombera, monga zinachitikira ku Romanovka mu Juni 1919 pamene anawalowerera m'bandakucha ali mtulo m'matenti.

Kumpoto kunalibe Graves. Asilikali a America a gulu la 339th Infantry Regiment, ambiri ochokera ku Detroit ndi madera ena a Michigan, ankadziwa kuti akupita ku France. Atafika ku England anawalanda mfuti zawo n'kuwapatsa za mtundu wa ku Russia wa Mosin-Nagant, poti ku Arkhangelsk kunali zipolopolo zake zambiri. Anyamatawo ankaziseka kuti n'zabwino kuombera nazo munthu wobisala kuseri kwa nyumba. Fuluwenza ya 1918 inawagwira ali m'sitima panyanja, mankhwala alibe, ndipo atafika pa 4 Seputembala ntchito yoyamba inali yokumba manda. Anaikidwa pansi pa akuluakulu a Britain, poyamba Jenerali Frederick Poole, yemwe sanasamale za chikalata cha Wilson. M'malo molondera nkhokwe, zomwe a Bolshevik anali atasamutsa kale katundu wambiri, anawatumiza makilomita mazana kumwera, motsata njanji ya ku Vologda ndi mtsinje wa Dvina, m'nkhalango ndi m'madambo.

Kenaka chisanu chinafika. Nyanja inaundana, doko linatsekeka, kuzizira kunkafika madigiri 40 pansi pa ziro. Anawagawira jombo zomwe anakonza Ernest Shackleton, mkulu wodziwika ndi maulendo a ku Antarctica. Zinali zofunda ndithu, koma pansi pake panali poterera moti munthu akayenda pa chipale chofewa chopondedwa ankangogwa. Ambiri anazisinthanitsa ndi nsapato zaubweya za anthu a m'midzi, ena pothawa nkhondo ankazivula n'kuyenda ndi masokosi okha.

Pa 11 Novembala 1918, tsiku lomwe ku London ndi ku Paris anthu ankavina m'misewu kuti nkhondo yatha, pa mudzi wa Toulgas m'mphepete mwa Dvina a Bolshevik anazungulira kagulu ka asilikali a America, a Scotland ndi a Canada, n'kutulukira kumbuyo kwawo. Mizinga iwiri ya a Canada inali italoza kutsogolo. Anaitembenuza ndi manja mwamsangamsanga n'kuombera adani omwe anali atafika kale pafupi, ndipo n'chomwe chinawapulumutsa. Kumenyanaku kunatha masiku anayi. Ife kuno timadziwa kuti nkhondo ija inachedwa kutha, poti Paul von Lettow-Vorbeck anagonja ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala m'dziko la Zambia, pa 25 Novembala, agogo athu a KAR ndi amtengatenga akumuthamangitsabe. Awo anadikira milungu iwiri. A ku Toulgas anadikira mpaka Juni 1919.

Germany itagonja, chifukwa chonse chokhalira ku Russia chinatha, ndipo asilikali wamba anayamba kufunsa. A Bolshevik ankamwaza timapepala tolembedwa m'Chingerezi tofunsa funso lomwelo: mukudzafuna chiyani kuno? Akuluakulu analibe yankho. Mu Febuluwale 1919 gulu lina la Britain linakana kupita kutsogolo, a France nawonso anakana, ndipo mu Malichi kampani ina ya America inanyanyala kwa kanthawi kupakira katundu wopita kunkhondo. Ku Canada zinayamba asananyamuke n'komwe: pa 21 Disembala 1918, mumzinda wa Victoria, asilikali olankhula Chifalansa ochokera ku Quebec anakana kukwera sitima ya ku Vladivostok, ndipo anawakweza mowakakamiza. Choopsa kwambiri kwa a Britain chinali cha mu Julayi 1919, pamene anthu a ku Russia omwe anawalemba usilikali ndi kuwaphunzitsa anagalukira usiku n'kupha akuluakulu awo. Britain inachoka ku Arkhangelsk mu Seputembala ndi ku Murmansk mu Okutobala 1919, itayesako ngakhale utsi wapoizoni woponyedwa ndi ndege. Boma la adani a Lenin lomwe anasiya kumeneko linagwa mu Febuluwale 1920.

Za kumwera nditchule mwachidule. France inatsitsa asilikali ku Odessa mu Disembala 1918, ndipo pakati pawo panali anyamata a ku Senegal ndi ku Algeria, ana a mu Africa otengedwa ndi atsamunda kukamenya nkhondo ya eni m'dziko lomwe sankalidziwa. Greece inawonjezera magulu awiri akuluakulu, poti nduna yaikulu Eleftherios Venizelos inkafuna kuti France idzaithandize kupeza dera la Smyrna ku Turkey. Pofika Epulo 1919 onse anali akuthawa m'Odessa, ndipo amalinyero a sitima zankhondo za France ku Sevastopol anagalukira n'kukweza mbendera yofiira. Ku Baku, komwe kuli mafuta, kagulu ka Britain ka Jenerali Lionel Dunsterville kanakhalako milungu yochepa mu 1918 kasanathamangitsidwe ndi a Turkey, ndipo kutsidya la nyanja ya Caspian Britain inagwiritsa ntchito asilikali a ku India.

Kodi alendowa anali mbali imodzi yokha? Ayi, ndipo apa ndi pamene ngakhale mnzanuyo angadabwe. Lenin naye ankadalira anthu omwe sanali a Russia. Asilikali a ku Latvia, dziko lomwe linali pansi pa ufumu wa Russia, ndi omwe ankalondera Kremlin, likulu la boma ku Moscow, ndipo ndi omwe anazimitsa kuukira kwa mu Moscow mu Julayi 1918 boma la Lenin litatsala pang'ono kugwa. Mkulu woyamba wa magulu onse a Red Army anali wa ku Latvia, Jukums Vācietis. Mu Okutobala 1919, Jenerali Anton Denikin, mtsogoleri wa adani a Lenin kumwera, atafika ku Oryol panjira ya ku Moscow, a Latvia omwewo anali patsogolo pomubweza. Kunalinso a China masauzande ambiri, omwe anabweretsedwa nthawi ya nkhondo kudzagwira ntchito m'migodi, m'nkhalango ndi panjanji, kenaka n'kusiyidwa opanda malipiro kapena njira yobwerera. Akaidi a nkhondo a ku Hungary analowanso ambiri. Mmodzi anali Béla Kun, yemwe anakalamulira Hungary miyezi yochepa mu 1919. Wina anali Imre Nagy, yemwe anadzakhala nduna yaikulu ya Hungary, n'kuchotsedwa ndi akasinja a Soviet mu 1956, n'kunyongedwa mu 1958. Josip Broz, amene dziko linadzamudziwa kuti Tito wa Yugoslavia, analowa gulu la Ofiira ku Omsk. Vācietis uja Stalin anamupha mu 1938.

Ine ndimaona kuti asilikali a mayiko akumadzulo sanasinthe mathero a nkhondoyi, ndipo mwina anamuthandiza Lenin. Anali ochepa kwambiri moti sakanagonjetsa gulu lomwe pofika 1920 linali ndi anthu 5 miliyoni, koma anali okwanira kuti a Bolshevik aziloza chala n'kumati onani, adani athu ndi antchito a alendo. Chomwe chinalemera kuposa asilikali ndi katundu. Winston Churchill, atakhala nduna ya Britain yoona za nkhondo mu Januwale 1919, ndiye ankafunadi kuthana ndi chikomyunizimu, ndipo anatumizira Denikin ndi Admiral Alexander Kolchak, mtsogoleri wa adani a Lenin ku Siberia, mfuti, mizinga, akasinja, ndege ndi yunifolomu. Nduna yaikulu David Lloyd George ankaona kuti ndalama zikungothiridwa m'dengu, ndipo mu Novembala 1919 ananena poyera kuti Britain singapitirize. Zambiri mwa zomwe zinatumizidwa zinkabedwa, kugulitsidwa pamsika kapena kulandidwa, mpaka Jenerali Alfred Knox, woimira Britain kwa Kolchak, anayamba kusekedwa kuti ndi amene amaveka Red Army. Adani a Lenin analinso ndi matenda awoawo: sankagwirizana, sankalonjeza alimi malo, ndipo ankakana kupatsa ufulu mitundu ya m'malire monga a Finland ndi a Poland, omwe akanatha kuwathandiza.

Mathero a Kolchak akuonetsa bwino kuti alendowa mtima wawo unali kuti. Dziko la Czechoslovakia linabadwa pa 28 Okutobala 1918, ndipo kuyambira tsiku limenelo msilikali wa Czech analibenso chifukwa chofera ku Siberia. Kolchak atalanda ulamuliro ku Omsk mwezi wotsatira, a Czech sanamukonde, ndipo anachoka kutsogolo n'kumangolondera njanji. Omsk itagwa mu Novembala 1919, aliyense anathamangira kum'mawa pa njanji imodzi yomweyo. A Czech ankadutsitsa sitima zawo poyamba, n'kulanda mainjini a sitima za othawa nkhondo, moti mabogi odzaza odwala ndi ovulala ankasiyidwa pambali anthu n'kuumira momwemo. Sitima ya Kolchak, pamodzi ndi golide wa ku Kazan uja, inaimitsidwa. Jenerali wa France, Maurice Janin, anali atamulonjeza chitetezo, koma pa 15 Januwale 1920 a Czech anamupereka kwa olamulira atsopano a Irkutsk. Pa 7 Febuluwale Kolchak anaomberedwa, mtembo wake n'kuponyedwa pansi pa madzi oundana a mumtsinje. Tsiku lomwelo a Czech anasainirana ndi Red Army pangano lowalola kudutsa mwamtendere akasiya golide. Omaliza anakwera sitima ku Vladivostok mu Seputembala 1920, onse pamodzi oposa 60,000 kuwerengera akazi ndi ana. A America anali atachoka kale mu Epulo. Mu 1929 anzawo ena a ku Michigan anabwerera kumpoto kuja kukafukula mafupa a anyamata 86, ndipo ambiri mwa iwo anaikidwa ku Troy, pafupi ndi Detroit, mozungulira chipilala cha chimbalangondo choyera.

Wotsala anali Japan, yemwe kuyambira pachiyambi ankafuna dera. Wilson anati America ndi Japan aliyense atumize 7,000, Japan inatumiza oposa 70,000, n'kumalipira akuluakulu ankhanza a Cossack, asilikali a pa akavalo a ku Russia, monga Grigory Semyonov ku Chita ndi Ivan Kalmykov ku Khabarovsk, omwe Graves ankawaona ngati zigawenga zakupha. Kwawo ku Japan anthu wamba analipira msanga: amalonda atamva za ulendowu anayamba kubisa mpunga poyembekezera kuti boma ligula wambiri, mtengo unakwera, amayi a asodzi ku Toyama anayamba zionetsero mu Julayi 1918, ziwawa zinafalikira dziko lonse, ndipo boma la Terauchi Masatake linagwa mu Seputembala. Ku Siberia asilikali a Japan ankatentha midzi yoganiziridwa kuti ikusunga zigawenga, ndipo mu 1920 zigawenga nazo zinapha a Japan pafupifupi 700 ku Nikolayevsk, asilikali ndi anthu wamba. Japan inatenga chimenecho ngati chifukwa cholandira kumpoto kwa chilumba cha Sakhalin. Inachoka ku Vladivostok pa 25 Okutobala 1922, koma ku Sakhalin inakhalabe mpaka 1925, ndipo inachokako itapatsidwa chilolezo chokumba mafuta ndi malasha pachilumbapo.